Phewa la Lahcen

Chibakera chachiwiri sichinafike n'komwe. Lahcen atangoponya mkono winawo, phewa linaguluka, monga limachitira akamalimbana ndi mphepo pathabwa lake la thanga loyendera panyanja ku Sidi Kaouki. Anagwera pamchenga akubuula.

Driss, mnzake amene ankamenyedwa chifukwa chomudutsa kutsogolo pafunde, analavula magazi.

"Achimwene, ndibwezereni phewali," anachonderera Lahcen. "Chipatala chili kutali, inu mumatha."

"Pompano ndinali galu, tsopano ndasanduka achimwene? Gona chagada."

Driss anamuponda m'khwapa ndi chidendene, n'kugwira dzanja, n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Mfundo inalira kuti thyo!

"Mayo ine! Si limeneli, ndi linalo!"

"Ndikudziwa," anatero Driss akupukuta mphuno. "Ili ndi limene linandipeza ndi chibakera choyamba chija."