Maliro pa Tsiku la Ntchito

Chitsekereni maofesi a m'tauni, nyumba iliyonse m'mudzi muno imapereka pabalaza masana kwa wogwira ntchito amene yagawiridwa tsikulo. Nyumba ikam'bweza, magetsi amadulidwa. Desiki yake ndi yokhomerera pansi.

Bambo Chadza atamwalira, amuna anatulutsa mipando monga mwa mwambo, koma desiki inakanika. Bokosi analigoneka pamwamba pake.

M'mawa kunafika Mwatitha, mtsikana wa kukampani ya mbewu, kompyuta ili kukhwapa. Ataima pakhomo, amayi analeka kulira.

"Mwanawe, lero bwerera," anatero Nachisale, mkazi wa malemu. "Magetsiwo adule. Amuna anga si chimanga choti tikayanike panja."

"Ndikabwerera, amayi, inenso ntchito yatha."

Nachisale anamasula chitenje chake chapamwamba n'kumupatsa. Mwatitha anadinda chala pachitseko, makina olemba ofika pantchito anavomera. Anavula nsapato nakhala pamphasa, kompyuta pamiyendo.

Masana abwana anaimba foni, kufunsa kuti phokosolo n'lachiyani.

"Ndi nyimbo yoperekeza eni nyumba, bwana. Dikirani ithe."

Ndipo Mwatitha anayimba nawo mpaka ndime yomaliza.