Mafuta a Mpendadzuwa Padamu

Cornelius anamwaza chakudya chatsopano m'damu, koma madzi anangoti zii. Makumba awo anazolowera fungo la mafuta a nsomba, omwe tsopano anasowa. Lero m'madeya munali mafuta a mpendadzuwa amene mkazi wake Dainess anakayengetsa ku Namadzi.

"Nsomba zakana, amayi a Thandi. Ndawononga mafuta anu."

Dainess anamulanda beseni. Anatapa pang'ono n'kulawa pachikhatho ngati ndiwo, kenako anagogoda beseniyo katatu, monga amachitira m'mawa uliwonse.

Madzi anawira. Timilomo tinatulukira ponseponse.

"Sizinakane mafuta, zimadikira wophika," anatero Dainess, akusasa madeya pandevu za mwamuna wake. "Inunso, tsiku loyamba kwathu, munayamba mwanunkhiza ndiwo zanga musanadye."