Kolorini wa Pawindo

Anzanga, sendezani mipando pafupi, lero lokha sindikunamizani.

Edith wa ku Mitundu anatsegula kabotolo ka kolorini kamene kankakhala pawindo n'kukafikitsa pamphuno. Fungo panalibe. Anakakhutchumula, n'kununkhizanso. Anali madzi wamba basi.

Kabotoloko anamusiyira ndi mwamuna wake Isake, yemwe ankakolopa pachipatala china ku Nathenje asanapite ku Joni. Manja ake ankamveka kolorini ngakhale asambe ndi sopo wanji. Ndiye Edith akamusowa ankangotsegula chivindikiro, zimangokhala ngati bamboyo walowa m'nyumba.

"Alamu, mwayamba kufwenkha mankhwala otsukira zimbudzi?" Anali Jacinta, mchemwali wa Isake, ataima pakhomo akuseka.

"Ndikungoona ngati akadali ndi mphamvu."

"Pawindo pamenepo? Ndi dzuwa la Okutobala lino, malata akuwotcha chonchi? Kolorini amafuna pamthunzi, pozizira. Achimwene sanakuuzeni?"

Isake anamuuza, kangapo konse, kuti azikasunga pansi pa bedi. Koma pansi pa bedi sakanamakaona akadzuka m'mawa.

"Bweretsani nditaye, mawa ndikakutengereni wina kwa alangizi a zaumoyo."

Edith anakafumbata kabotoloko. Kanali kofunda ngati dzanja la munthu.

"Winayo sakhala amene achimwene anu anasungunula," anatero motsitsa mawu. "Ndipo akaimba foni musawauze, alamu. Angaone ngati sindisamala zinthu zawo."

Jacinta anasiya kuseka.

Nanga inuyo, amene ali kutali mumamununkhiza pa chiyani? Lembani m'munsimu. Wa malaya osachapa uja asachite manyazi, tikumudziwa kale.