Fohandi ya Mwana wa Kalaliki

"Iwe, dzanja la mwanayu lisiye. Ukalikakamiza udzalira ndiwe."

Amayi ake a kalaliki ananena mawuwa ali pa benchi ya m'mbali mwa bwalo la tenisi, atakumbatira chikwama ngati pali wofuna kuwalanda. Kalaliki sanatembenuke n'komwe. Munthu wa mu ofesi angamvere nkhalamba yosatha kulemba dzina lake? Anasekera m'mphuno n'kutola mpira wina m'ndowa.

"Amayi, izi n'zasayansi. Inu ingokhalani muzionera."

Sayansi yake iti? Ya m'foni. Mwiniwakeyo raketi anali asanaigwirepo chibadwire, koma poti anaonera mafilimu a akatswiri, basi anasanduka kochi wa mwana wake wamkazi. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Loweruka kunkabwera mayi wa ku sukulu ya zamasewera kudzasankha mwana mmodzi woti akaphunzire ulere. Mmodzi yekha, wosapitirira zaka khumi ndi ziwiri. Wa kalaliki ankakwanitsa khumi ndi zitatu mwezi wotsatira, ndiye mwayi unali womwewu. Ku ofesi bamboyo anali atalengeza kale, kuyambira kwa abwana mpaka kwa mlonda wa pageti, kuti malowo ndi a mwana wake.

Vuto linali limodzi. Mpira ukabwera kumanzere, mtsikanayo ankagwira raketi ndi manja awiri n'kuuswa mpaka mnzake kuthawa. Koma ukabwera kumanja, komenya ndi dzanja limodzi, kumene eni masewerawo amati fohandi, ayi ndithu zinali zamanyazi. Wina mu neti. Wina kudumpha mpanda kukagwera pa galimoto za eni.

"Tembenuza phewa! Raketi itsike pansi pa mpira! Kweza, umalizire paphewa linalo! Kodi m'makutumo muli thonje?"

"Adadi, chigongono chikuwawa."

"Katswiri samva kuwawa. Bwereza."

Anamupanitsa thaulo m'khwapa kuti mkono usatayike. Anamangirira mphira pa mzati wa neti kuti azikoka. Anamujambula pafoni n'kumuonetsa zolakwa zake pang'onopang'ono, chala chikugogoda pagalasi. Tsiku lililonse akaweruka, kumenya mphepo ka mazana atatu asanakhudze mpira. Mwana amatero? Mafupa a mwana ndi nsungwi yanthete, ukaipinda mopitiriza siibwereranso.

Pofika Lachinayi chigongono chinali chitatupa ngati dzira la bakha. Agogowo anachisisita ndi nsalu yonyowa, mtima uli m'mwamba.

"Mwana wanga, tamvera. Paja mwanayu ali wamng'ono..."

"Amayi, zakale ayi. Tili pa ntchito pano."

Agogo anapitiriza kusisita chigongonocho. Kalaliki anawayang'ana cham'mbali n'kupukusa mutu. Nkhalamba zimaopa chilichonse: dzuwa, mphepo, mpira kulowa m'diso. Akanazimvera bwenzi iyeyo ali kalaliki?

Loweruka linafika. Bamboyo anabwera atavala zoyera zokhazokha ngati wosewera ndiye, mluzu uli m'khosi, pomwe tenisi siimbiridwa mluzu. Mwana wake anapambana masewero awiri oyamba. Omaliza anakumana ndi mwana wa telala, kamtsikana kowonda ka raketi yobwereka ndi nsapato zosokedwa kawiri. Kameneko kanali kochenjera. Sikanachedwe kuona pofooka, ndipo mpira uliwonse kankangoutumiza kumanja. Kumanja. Kumanjanso. Neti inadya mipira mpaka kukhuta.

Chigongono sichinathyoke ayi. Mtsikanayo anangogonja basi.

Mayi wosankha uja analemba dzina la mwana wa telala, nasaina, naimba foni kusukulu kuti amupeza. Telala anagwada pansi n'kulira, tepi yoyezera ili m'khosi, poti anachita kuthawa pa mashini.

Kalaliki analowa m'bwalo nkhope itachita mdima.

"Ulesi! Miyezi isanu ndikukuphunzitsa chinthu chimodzi! Lolemba ndikawauza chiyani anthu?"

Mkono wamanja wa mwanayo unali utalendewera ngati wa chidole, ndiye raketi anaisinthira kwinako kuti upume. Nthawi yomweyo mpira wosochera wa ana otola mipira unadumphira pafupi naye. Ndi mkwiyo wake wonse ndi misozi yomwe, anauswa.

Phaa!

Unadutsa chala chimodzi pamwamba pa neti n'kukaluma pa ngodya penipeni. Mayi uja, amene anali atafika kale pageti, anatembenuka. Anabwerera, natenga ndowa m'manja mwa kalaliki osapempha.

"Tabwereza, mwanawe. Ndi dzanja lomwelo."

Anaponya khumi. Khumi yonse inalowa, phewa likutembenuka lokha, raketi ikumalizira pamene kalaliki ankakuwira miyezi isanu.

"Ndikanaona izi m'mawa, sindikanayang'ananso wina," anatero mayiyo akupukusa mutu. "Koma pepala lapita. Mwanayu ndi wamanzere. Anamusintha ndani?"

Agogo anadzuka pa benchi.

"Funsani wamluzuyo. Mwanayu ali ndi zaka zitatu analandira switi ya abwana a bambo akewa ndi lamanzere, uyu n'kuchita manyazi. Anamumanga dzanjalo kumsana ndi lamba mpaka mwana anaiwala kuti ali nalo."

Galimoto ya sukulu inanyamuka ndi mwana wa telala. Kalaliki anatsala pakati pa bwalo, mwana wake akumuyang'ana ngati munthu amene wamuona koyamba.