Anti a M'foni

Foni inalira ndili pabenchi m'chipinda chotsukira zida, chovala cha labala nditachivula kulekeza m'chiuno. Mapewa anali atasupuka ndi malamba a silinda ya mpweya. Unali mwezi wanga wachisanu kudziko la eni, komwe ndinkaphunzira kuti ndidzakhale mphunzitsi wa osambira pansi pa nyanja.

Ankaimba anali mng'ono wanga, amene ndinamusiyira mwana. Pavidiyo anaoneka atamukhazika pamwendo.

"Achemwali, koma ndiye mwaonda! Amangokumwetsani madzi amchere eti?"

Ndinaseka pang'ono, nthiti zikuwawa. "Tamusendeza kuno ndimuone."

Mwana wanga anandiyang'ana nthawi yaitali, chala chili m'kamwa. Kenako anatembenukira kwa mng'ono wanga.

"Amayi, anti a m'foni aja abweranso."

"Iwe! Amayi ako ndi amenewa," anatero mng'ono wanga msangamsanga. "Ndi chibwana ichi, achemwali, musachitengere kumtima."

"Musiye. Usamukalipire."

Mphunzitsi wathu anagogoda pachitseko. Anati boti linyamuka pakangotha mphindi zisanu. Tsikulo linali langa loyesedwa kupulumutsa munthu womira, ndipo wolephera ankabwereza miyezi ina iwiri.

Sindinadzuke. Mwana uja anali atayamba kusewera ndi ndolo za mng'ono wanga, za ine ataiwala kale.

Mphunzitsi anagogodanso, ulendo uno mwamphamvu.

"Ndikubwera!" ndinakuwa.

Mng'ono wanga anasendeza nkhope pafupi ndi foni, maso atawala.

"Zoona, achemwali? Liti?"