Chitsime cha kwa Nyambalo

Ine Chikakwiya, amene ndinayamba ndi wilibala imodzi lero malole atatu, ndamwa madzi a ku Beira ndi ku Joni. Palibe dera lingandinamize!

Lamulo la masiku ano limati banja lofuna malo limwe madzi a pamalopo sabata yathunthu lisanasaine. Kwa Nyambalo, komwe tinkafuna malo, nthaka inali yachonde, koma mvula itagwa tsiku lachitatu, madzi a m'chitsime ananunkha chimbudzi. Ndinalavula.

"Pirirani bambo, maekala khumitu awa," anatero mkazi wanga Nangondo.

"Mayi, zimbudzi kumtunda, chitsime kumunsi! Chigumula chikadzabwera, ana adzamwa chiyani?"

Malowo tinawakana. A Nasimango oyandikana nafe kwa Nyambaloko, amene ankawagawira ana athu madzi owiritsa mobisa, ndinawabwezera pa lole madzi a pa mjigo wa kwathu, zigubu zisanu ndi zinayi.