Msuweni wa ku Cleveland Amene Anabwezedwa pa Geti

Panali munthu wina kwathu kuno m'boma la Mayo, mlimi wa nkhosa, dzina lake Malachy Durkan. Nkhaniyi ndinaimva kwa mkazi wake weniweni, ndiye musati ndikupeka. Malachy anali munthu wabwino, woti ukadwala ndiye woyamba kudzakuzonda. Koma makani, abale anga. Akati ayi, ndi ayi basi.

Tsiku lina m'chilimwe pa geti pake panaima takisi. Munatuluka mayi wokalamba woyendera ndodo. Anati dzina lake ndi Loretta, wachokera ku Cleveland, ku Amereka.

"Mayi anga anali a Honora Durkan, mlongo wawo wa bambo anu," anatero. "Anachoka kuno ali mtsikana, osabwereranso. Madokotala andiuza kuti ulendo uno ndi womaliza. Ndikungofuna ndione nyumba imene anabadwira, ndidziwenso kuti ndili ndi abale."

Malachy bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo zoti ali ndi azakhali ku Amereka anali asanamvepo. Komanso chaka chathacho mnansi wake anazunzika ndi mlendo wina wakunja amene ankalimbirana naye munda. Mtima wa Malachy unathamangira komweko.

"Anabadwa liti mayi anuwo?"

"Eni ake sankadziwa bwino. Pena ankati 1902, pena 1905."

"Mubwere mawa."

Masana omwewo anapita ku parishi nakatsegula buku la maubatizo. Anamupezadi Honora, mwana wa Thady ndi Sabina Durkan, agogo ake a Malachy, wobatizidwa mu 1902. Kuchoka apo anatsikira kumanda a banja lawo. Pamwala wakale panalembedwa Honora yemweyo, womwalira mu 1903 asanakwanitse n'chaka chomwe. Munthu anabwerera kunyumba mapewa ali m'mwamba.

"Ndamugwira," anauza mkazi wake, Philomena. "Honora wakeyo ali m'manda kuyambira ali wakhanda. Amafuna munda ameneyu."

"M'buku la maubatizolo mwatsegula masamba angati?"

"Limodzi. Ndi lokwanira."

"Abambo inu, mwaiwala mmene ankachitira makolo athu? Mwana akamwalira, dzina lake sankalitaya. Ankalipereka kwa wobadwa pambuyo pake. Kwathu ku Foxford tinali ndi a Cornelius awiri a mimba imodzi. Bwererani mukatsegule kutsogoloko."

"Iwe Mena, wakufa sakwera sitima ya pamadzi kupita ku Amereka."

"Nanga mphuno ija simunaione? Ndi yanu yomweyi, yokhota ngati mlomo wa ketulo."

"Mphuno ndi mphuno."

M'mawa mwake takisi itabwera, Malachy anaima pa geti, osatsegula. Anaonetsa mayi uja chithunzi cha mwala wa pamanda chimene anajambula pa foni. Loretta anachiyang'ana nthawi yaitali. Sanatsutse.

"Pepani, ndakuvutitsani," anatero, n'kukwera galimoto.

Philomena anakhala masiku atatu osamulankhula mwamuna wake. Tsiku lotsatira anavala chikhoti chake chopitira kutchalitchi, n'kukwera basi yekha kupita ku parishi. Madzulo, m'malo mwa mbatata, pa mbale ya Malachy panali pepala. Honora, mwana wa Thady ndi Sabina Durkan, wobatizidwa mu 1905. Buku lomwelo, masamba asanu ndi anayi okha kutsogolo.

Malachy anawerenga katatu. Anaimba foni ku hotela ya ku Castlebar kumene mayi uja ankagona. Anamuyankha kuti ananyamuka dzulo.

Ndimumvere chisoni ndani ine, Malachy kapena mlendoyo? Onse awiri. Malachy anali ndi zaka 74, ndege anali asanakwerepo, ngakhale pasipoti analibe. Anadikira pasipotiyo milungu isanu, akudya ngati mwana wodwala. Itafika, anasiyira mnansi nkhosa, iye ndi Philomena ulendo.

Ku Cleveland anampeza Loretta ali gone m'nyumba ya mwana wake wamkazi, atatha thupi. Malachy anaima pakhomo la chipinda, chipewa chili m'manja.

"Msuweni wanga," anatero, "ndine chitsiru. Ndabwera kudzapepesa."

"Mwachedwa," Loretta anayankha akumwetulira. "Koma mayi ankanena kuti amuna a kwa Durkan ukawauza lero amamva mawa."

"Mawa ndi pafupi," anatero Philomena. "Awa amamva mwezi wamawa."

Anaseka onse atatu mpaka wodwalayo anatsokomola. Kenako Malachy anamupatsa pepala lija, n'kumufotokozera za khanda la 1902. Loretta anaika chala pa dzina la mayi ake.

"Ndiye ananyamula dzina la mkulu wawo moyo wonse, ine osadziwa," anatero. "Nyumba ija ikadalipo?"

"Ilipo. Denga linagwa, koma zipupa zilipo."

"Ili kutali ndi geti lija?"

Malachy anapotokola chipewa chake m'manja.

"Kuseri kwa khola. Mukadayenda mapazi makumi awiri okha, mukadaiona."

Loretta anamugwira dzanja, n'kulifinya ndi mphamvu zochepa zimene zinatsala.

"Ndiye kuti ndinafika ndithu," anatero.

Loretta anamwalira patatha milungu itatu, nyumbayo osaiona.

Phunziro: Pofufuza za makolo, dzina limodzi pa tsamba limodzi si umboni wokwanira. Tsegulani kutsogolo, mverani amene akudziwa mwambo, ndipo munthu akabwera n'kunena kuti ndi m'bale wanu, yambani mwamulowetsa, mapepala muona pambuyo. Tumizirani achibale anu uthengawu, makamaka aja osamva za anzawo.